Mawu Amene Mayi Tusekile Sankanena

Ine ku Wovwe, m'boma la Karonga, ndinabwera mokakamizidwa. Boma linanditumiza kudzakhala mlangizi wa alimi a mpunga pa sikimu ya mthirira, ine mwana wa ku Ntcheu wozolowera kufunda bulangete ngakhale mu Okutobala. Kuno dzuwa silitentha ayi, limachita kumenya. Ndinkati ndingopirira pang'ono ndipemphe transifa, koma mpaka lero ndili konkuno, khungu linada kale, Chitumbuka ndimachithyola mopanda manyazi. Dzina langa ndine Pilirani, ngakhale kuno palibe amalitchula. Aliyense amangoti amlangizi.

Mwa alimi onse amene ndagwira nawo ntchito, amene sachoka m'mutu mwanga ndi mayi Tusekile. Tsiku loyamba kuwaona anandikwiyitsa. Ndinaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango kuti ndifotokoze za kawokeredwe ka mbande. Anthu onse anakhala pansi, koma mayi mmodzi wamfupi, woonda ngati bango, anaima chilili kumbuyo, ndowa ili kumutu. Ndinawauza kuti akhale, anangomwetulira. Ndili pakati polankhula anayang'ana dzuwa, n'kutembenuka, uyo, liwiro. Ine paja pakamwa panga sipachedwa. Ndinanena pagulu pompo kuti ngati ena akuona kuti mpunga amaudziwa kuposa boma, asamavutike n'kubwera. Palibe anaseka. Msonkhano utatha, bambo wina wamtali wa imvi, a Gregory, mkulu wa mpingo, anandikokera pambali n'kundiuza mwaulemu kuti mayiwo athamangira kukatembenuza amuna awo.

Amuna awowo, a Yotamu, anagwa ndi sitiroko zaka zingapo ine ndisanabwere. Anagwera m'puloti, m'munda wawo wa mpunga momwemo, akuwokera, nkhope m'matope. Kuchipatala anawabweza ali moyo, koma miyendo inali itauma, dzanja lamanja litauma, pakamwa patatsekeka. Munthu wotero ukamusiya mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda, ndiye pamafunika kumutembenuza pafupipafupi. Mwana wawo yekhayo, Ipyana, anakwatiwa ku Mzuzu. Choncho puloti ndi wodwala, zonse zinali pamutu pa mayi Tusekile. Manyazi anandigwira, ndipo mawa lake ndinagula shuga n'kupita kukapepesa.

Nyumba yawo ili kumapeto kwa mudzi, khomo linayang'ana kumapuloti. A Yotamu ankagona pamphasa pafupi ndi khomolo kuti aziona mpunga patali. M'chipindamo munkangomveka fungo la sopo, osati la matenda. Pakhoma, pamsomali, panali chipewa chachikulu chansalu, chakhaki, chosuluka. Ndinapeza mayi Tusekile akuwadzoza mafuta kumapazi, ndipo ndinadabwa kuona mapazi a mlimi ali ofewa ngati a khanda, opanda mng'alu ndi umodzi womwe.

Koma maso, abale. Maso a a Yotamu sindidzawaiwala. Ankakulandira pakhomo n'kukuperekeza mpaka pampando, osaphethira. Ukamalankhula sankakuyang'ana m'maso, ankayang'ana pakamwa pako. Dzanja lamanzere lokha ndilo linkadzukako pang'ono, ndiye munthu akawapatsa moni ankalikweza chonchi, kachikhato kokha, n'kulibweza pamphasa. Ndinazindikira msanga kuti munthuyu akumva chilichonse, ndipo ndinachita mantha ngati ndalowa m'nyumba ya eni popanda odi.

Pofuna kuphimba manthawo ndinayamba kulongolola, monga mwa chizolowezi changa. Ndinayamikira ukhondo, ndinadandaula za kutentha, kenako ndinati, "Koma mayi, zonsezi nokha, simuto..."

Sindinamalize. Dzanja lawo lamafuta linali litanditseka pakamwa. Anandikoka mpaka kuseri kwa khitchini, ndipo mu Chichewa chawo chosakaniza ndi Chinkhonde anandipempha kuti mawu amenewo ndisadzawatchulenso pakhomo pawo.

Kuseri kwa khitchini komweko ndi kumene ndinamva mbiri yawo, ali chiimire, akutsuka mbale. Anabadwira ku Kaporo, kumpoto kwa Karonga. Ali mtsikana wongomera mawere, bambo awo anadwala matenda a mgonagona, ndipo mayi awo anawadwazika nthawi yaitali osadandaula. Tsiku lina masana mayiwo anatula beseni pakhomo, n'kupumira m'mwamba, n'kunena m'Chinkhonde kuti ngatele, kutanthauza kuti ndatopa. Sananene mokalipa, anangonena. Wodwala anamva. Anatembenukira kukhoma, anakana phala, anakana madzi, ndipo sabata isanathe anali m'manda. Pamaliro abale a malemu ankanong'onezana kuti mkazi wamutsegulira njira mwamuna wake. Mayi aja anakhala ndi mbiri imeneyo mpaka kufa kwawo.

Mayi Tusekile mawuwo anawamva ndi makutu awo, chifukwa tsikulo anali pakhonde akupeta. Ndiye kwa iwo panalibe kukambirana: wodwala amakhala moyo ndi manja a womudwazika, ndipo akangomva kuti manjawo atopa, amanyamuka. Ndinayesa kuwauza kuti zimenezo n'zongochitika, kuti bambo awo mwina nthawi yawo inali itakwana. Anandiyang'ana ngati mwana amene akuphunzitsa amake kubereka, n'kupitiriza kutsuka mbale.

Ku Wovwe anabwera ndi azakhali awo kudzachita ganyu yowokera, ndipo ndi kumene a Yotamu anawaonera. Nthawi imeneyo a Yotamu anali mnyamata wamtali, wodziwika m'dera lonse chifukwa anagwirako ntchito kwa azungu ena amene ankabwera m'chilimwe kudzakumba mafupa a anthu akalekale m'makwawa a ku Uraha. Ankanyamula ndowa za dothi, kusefa, kutola timafupa. Anthu ankawaseka kuti akudya za kumanda, ndipo azakhali aja poyamba anakana ukwatiwo. Chipewa chapamsomali chija anapatsidwa ndi mmodzi wa azunguwo. Sukulu a Yotamu analekeza sitandade 2, moti mayi Tusekile ankanena moseka kuti amuna awo ndi azungu aja ankangolankhulana ndi manja. Koma zilankhulo zina zonse zinkawakhala. Chitumbuka n'chobadwa nacho, Chinkhonde anachiphunzira pofunsira mkazi, Chiswahili anachitola kumalire ku Songwe pogulitsa mpunga, Chichewa n'cha pawailesi. Izi zikutanthauza kuti panalibe chilankhulo chimene mayi Tusekile akanadandaulira amuna awo osamva.

Ine chimene chinkandipsetsa mtima n'choti thandizo linalipo. Amayi a Umanyano, gulu la amayi la kutchalitchi kwawo, anabwera kangapo kudzapempha kuti azisinthana nawo. A Gregory, amene anakumba nawo mafupa a Yotamu paunyamata, ankati akhoza kumawasambitsa mnzawoyo. Onse anabwezedwa ndi mawu okoma. Ngakhale kupuloti sankalola munthu wa ganyu, chifukwa kuchokera pamphasa paja a Yotamu ankatha kuona amene ali m'munda. Tsiku lina ndinawakalipira ndithu, ndinati uku si kudwazika, n'kudzipha. Anandiyankha motsitsa mawu.

"Amlangizi, manja a munthu wina akawagwira, adziwa kuti anga atha."

Ndiye moyo wawo unali wothamanga. M'mamawa kusambitsa wodwala, phala, kenako kupuloti. Dzuwa likakwera pang'ono, liwiro kunyumba kukatembenuza, liwiro kubwerera. Njira ya pakati pa nyumba ndi puloti inachita kukumbika ndi mapazi awo okha. Ankadya chiimire. Kutchalitchi ankaima kumbuyo pafupi ndi khomo. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa a Yotamu ali moyo, sindinawaonepo mayi Tusekile atakhala pansi.

Chaka chimene ndikunenachi, mbalame zinabwera zoopsa pa mpunga wachilimwe. Mpunga ukatulutsa ngala, njere zikadali zamkaka, timbalame ting'onoting'ono timabwera mtambo wathunthu, ndipo ukangotembenuka tikusiyira mankhusu. Alimi amamanga nsanja pakona pa puloti, n'kuyendetsa zingwe m'munda monse, pazingwepo n'kumangirira zitini zokhala ndi timiyala. Munthu amaima pansanja tsiku lonse, kukoka zingwe, kukuwa mpaka mawu kusasa. Mabanja ena amasinthana. Mayi Tusekile anali okha, ndipo akathamangira kunyumba mbalame zinkachita phwando.

Ndinawaona akutha. Maso analowa m'kati, chitenje chinayamba kuzungulira kawiri. Tsiku lina ndinawapeza ataima pangalande, ndowa m'manja, madzi akusefukira, iwo ali m'tulo maso ali pwaa. Tsiku lina ndinawapeza pansanja milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Nditawafunsa, anandiululira. Anati mawu aja, mawu a mayi awo, awakhala pakhosi ngati munga wa nsomba, sakulowa, sakutuluka. Ankaopa kuti adzawatulukira kutulo, amuna awo ali pambali pomwepo. Choncho pogona ankadzimanga kansalu pakamwa.

Tsopano pa chigayo cha mpunga cha alimi pali kalaliki, Lyson, bambo wamkulu ndithu, wamimba yake, koma wamatama a Chingerezi. Nthawi imeneyo ankafuna ntchito kumabungwe, ndiye ankakhalira kuonera timavidiyo tophunzitsa Chingerezi pafoni. Tsiku lililonse ankabwera ndi mawu atsopano n'kumatiyesera ife, ngati ndife mbuzi zake. Madzulo ena ndinali kuchigayoko, mayi Tusekile anafika mothamanga kudzatenga gaga wa nkhuku. Lyson, amene tsiku lonse ananyamula cholembera chokha, anadziponya pamatumba n'kutambasula miyendo.

"I'm dog-tired," anatero.

Amayi amene anali pamzere anafunsa kuti lero ndiye zatani. Lyson anafotokoza monyadira kuti ndi mmene Angerezi enieni amanenera akatopa kotheratu, kutopa kwa galu, kosatsala ndi kamphamvu komwe. Anati zimenezi sungazipeze m'buku la kusukulu, n'za eni ake akakhala paokha. Mayi wina anati agalu a ku Wovwe atopa n'chiyani poti amangogona pansi pa ngolo, anthu n'kuseka. Mayi Tusekile sanaseke. Anatula thumba la gaga, iwo amene sankaima pamalo amodzi, n'kumupempha Lyson kuti abwerezenso. Anabwereza. Anapemphanso. Lyson, poona kuti wapeza mwana wasukulu, anayamba kuwadulira pang'onopang'ono, iwo akutsatira, mpaka zinatuluka m'kamwa mwawo motere: amu dogi taya.

Pobwerera tinayenda limodzi pang'ono, ine ndikukankha njinga yamoto. Anandifunsa ngati mawuwo akunenadi zimene Lyson wanena. Ndinati eya. Anafunsa ngati munthu wolekeza sitandade 2 angawamve. Ndinaseka, ndinati ngakhale ine wa satifiketi ndawamva lero. Anangogwedeza mutu, milomo ikuyeserera, n'kuyamba liwiro lawo lija.

Mawa lake mbalame za ku Wovwe zinayamba kuingidwa m'Chingerezi. Ukamadutsa pamsewu wa m'mbali mwa ngalande unkamva kuchokera pansanja ya mayi Tusekile zitini zili ngwengwengwe, mawu akuthwa akukuwa kuti amu dogi taya, amu dogi taya. Alimi oyandikana nawo anatengera, osadziwa n'komwe tanthauzo, mpaka sikimu yonse inkakuwa zomwezo. Lyson ankayenda ngati nduna. Ine ndinkaseka, koma osati ndi mtima wonse, chifukwa ndinkadziwa kuti mwa anthu onsewo mmodzi yekha ndiye akunena zoona. Ngakhale zinali choncho nkhope yawo inapepukako, ndipo ndinaganiza kuti mwina mungawo watuluka.

Sunatuluke. Patapita masiku anandiuza kuti kuuza mbalame sikukuthandiza, mbalame si zimene anazitopera. Ankafuna kuwauza eni ake, maso ndi maso, kamodzi kokha, koma m'njira yoti asamve. Ankati akadzanena akumwetulira, a Yotamu adzangoyesa kanyimbo. Ndinangowauza kuti adye kaye.

Tsiku limenelo linali lotentha kuposa onse. Kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza tsamba. Dzuwa lili paliwombo ndinkadutsa pamsewu wa ngalande uja, kupita kukaona mapuloti akumunsi. Alimi ambiri anali atathawira m'mithunzi, sikimu yonse ili zii. Puloti imodzi yokha ndiyo inkalira zitini, ya mayi Tusekile. Koma kaliridwe kake kanali kachilendo. Mayiwo paja ankakoka zingwe mwaphuma, modukizadukiza. Uku kunali kulira kodekha, kofanana, ngati munthu amene sakupupuluma ndipo sadzasiya.

Ndinaimitsa njinga. Pansanja panaima bambo wamtali, atandifulatira, kumutu chipewa chachikulu chakhaki. Sankakuwa. Pamwamba pa pulotiyo mbalame zinali zitaunjikana mtambo wakuda, zikuzungulira, kutsika pang'ono, n'kubwereranso m'mwamba, osatera ndi imodzi yomwe, pamene mapuloti a m'mbali zinkadya mwaufulu. Mumtima ndinati zikomo Ambuye, mayi uja wamva, walola munthu wa ganyu, mpaka wamubwereka chipewa cha amuna ake. Ndinakuwa moni wa Chitumbuka, ndinati monire adada. Sanatembenuke. Anangokweza dzanja lamanzere chonchi, kachikhato kokha, n'kulibweza.

Pakutentha konse kuja thupi langa linachita tsembwe. Sindinadziwe chifukwa chake, kapena ndinene kuti sindinafune kudziwa. Ndinaliza njinga n'kumapita, osayang'ana kumbuyo.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka, mithunzi itatalika. Ndili patali ndinamva zitini zija zikulirabe chimodzimodzi. Nditayandikira pakona, zinasiya. Sizinachite kuchepa pang'onopang'ono, zinangoti duu. Pansanja panalibe munthu. M'puloti munalibe munthu, pamsewu munalibe munthu, ndipo kumeneko n'kwa see, palibe pobisala. Zingwe zinali zikugwederabe. Ndili chiimire choncho, kumudzi kunamveka kulira kwa mayi mmodzi, kenako ena analandira.

A Yotamu anali atatisiya. Nditafika ndinapeza amayi atadzaza pakhonde, mayi Tusekile ataima pakati pawo, tsaya limodzi lili ndi mizere ya mphasa. Ankangobwereza kuti ndinagona, ndinagona, ndinagona masana. Anadzidzimuka dzuwa litatsika, ali pamphasa pambali pa amuna awo, dzanja lamanzere la a Yotamu lili pamutu pawo, litazizira kale. Ndinasuzumira m'chipinda. Chipewa chinali pamsomali pake.

Madzulo omwewo ndinawafunsa a Gregory kuti munthu wa ganyu uja ndani, kuti wina akamuuze za zovutazi. Anandifunsa kuti wa ganyu uti. Nditafotokoza, anandikokera pambali. Iwo ndi amene anatsogolera abambo osambitsa thupi. Anandiuza motsitsa mawu kuti atavundukula nsalu anapeza mapazi a malemu ali ndi matope mpaka mu akakolo, matope akuda a m'puloti, osauma, ndipo pakati pa zala panakanirira tsamba la mpunga laliwisi. Abambowo anangoyang'anana, n'kutsuka. A Gregory anandipempha kuti za munthu wa pansanja ndizisunge kaye mpaka maliro adutse. Ndinavomera mosavuta, chifukwa pakamwa panga, pamene paja sipachedwa, tsiku limenelo panauma.

Maliro anayenda bwino. Ipyana anabwera kuchokera ku Mzuzu, mpingo unaimba, anthu anayamikira mayi Tusekile kuti akazi otere anatha. Koma iwo sankamva chilichonse. Sankadya, sankalira ngati poyamba, ankangoyang'ana pansi. Ine ndekha ndinkadziwa chimene chikuwadya: ankakhulupirira kuti achita zimene anachita mayi awo.

Anthu atabalalika ananditumizira uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pansi, miyendo atatambasula. Kunali koyamba kuwaona atakhala, ndipo anaoneka aang'ono kwambiri. A Gregory analipo, anabwera kudzawaona monga mkulu wa mpingo. Mayi Tusekile anati palibe chobisa, nawonso amve.

Anafotokoza kuti tsiku lija anachoka kupuloti dzuwa lisanafike pamutu. Anawatembenuza a Yotamu, anawamwetsa phala, anawapukuta pakamwa. Kenako anagwada pambali pawo, anamwetulira monga anakonzera, n'kunena mawu a Lyson aja mofatsa, ngati akunyengerera mwana. Maso a a Yotamu anali pakamwa pawo monga mwa nthawi zonse. Ndiye milomo ya wodwala, imene inakhala zaka osatulutsa liwu, inayamba kuyenda. Mawu anatuluka okhakhala ngati chitseko chadzimbiri, koma omveka bwinobwino. Mayi Tusekile anafuna kukuwa, anafuna kuthamangira anthu, anakumbukiranso mbalame, koma zikope zinalemera, mutu unatsikira pamphasa wokha. Mawuwo sanawamvetse, koma anawasunga, ndipo ndi amene anandiitanira.

"Anati, yu silipi, ayi wochi. Amlangizi, ndiuzeni zoona, musandinamize. Ananditukwana?"

Ndisanatsegule pakamwa, a Gregory anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Kenako anayamba kufotokoza. Anati ku Uraha kuja, dzuwa likafika paliwombo, mzungu wamkulu wa gulu lawo ankaponya chipewa pansi pa mtengo n'kunena mawu omwewo a galu wotopawo, tsiku ndi tsiku, mpaka anyamata onse anawaloweza. Koma timafupa timene atola m'mawa tinkakhala titayanikidwa pasefa, ndipo mbuzi ndi akhwangwala sizinkachedwa. Ndiye a Yotamu ankamuyankha mzunguyo ndi Chingerezi chokhacho chimene ankachidziwa, n'kukhala pambali pa sefayo padzuwa, osasuntha, mpaka bwanayo adzuke. Chipewa chija anapatsidwa chifukwa cha ntchito imeneyo. A Gregory anati iwo atamva sikimu yonse ikukuwira mbalame mawu aja anangoseka, n'kumakumbukira zakale, osadziwa kumene achokera ndi kumene akupita.

Mayi Tusekile anatembenukira kwa ine. Ndinawauza tanthauzo lake m'Chichewa, mmene mwamuna angauzire mkazi wake.

"Anati, gona, ine ndilondera."

Nkhuku inadutsa pakati pathu, palibe anaiingitsa. Kenako mayi Tusekile anafunsa ngati ndiye kuti a Yotamu anamva. A Gregory anati anamva, mlamu. Anafunsanso ngati mbalame zinamaliza mpunga tsiku limene anagonalo, chifukwa chiyambire maliro anali asanapondeko kupuloti, ankaopa kukaona. Ndinawayang'ana a Gregory, iwo anagwedeza mutu kuti ndinene. Ndinanena zonse: zitini, chipewa, dzanja lamanzere, mbalame zozungulira m'mwamba osatera. A Gregory anawonjezera za matope. Ndinkayembekeza kuti akomoka kapena akuwa. Anangoyang'ana kumapuloti, kumene amuna awo ankayang'ana zaka zonse zija.

"Ndiye kuti ine ndinkawasunga," anatero, "iwonso ankangodikira kuti ndinene."

Ine misozi inali ikutsika, sindibisa, ndipo ndinali ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo umene sindinkadziwa woupatsa. Mayi Tusekile anatembenukira kukhomo la chipinda chija, mmene munali mphasa yopindidwa ndi chipewa pamsomali, n'kunena mokweza, m'chilankhulo cha mayi awo, kuti ngatele. Ananena kamodzi kokha. Atatero anagona chammbali pakhonde pomwepo, mkono kutsamira, ife tikuona. Ipyana anatuluka ndi chitenje n'kuwafunditsa.

Mpunga wa puloti imeneyo tinakolola ndi amayi a Umanyano, ndipo eni ake sanakane. Anakhala pamthunzi n'kumatiuza pamene tasiya ngala. Masiku ano ananenepako, kutchalitchi amakhala pabenchi lakutsogolo, ndipo pamisonkhano yanga amawodzera poyera, ine osanena kanthu. Lyson ntchito ya kumabungwe sanaipeze, akadali kuchigayo, koma mawu a galu aja anasiya kuwanena, ndipo pa sikimu palibenso amene amaingira nawo mbalame.

Nyengo ya mbalame ikafika, mayi Tusekile amalondera m'mawa, dzuwa likafika pamutu amatsika pansanja n'kupita kunyumba kukagona, osasiya munthu. Oyandikana nawo amati mpunga wawo sudyedwa. Ine sindinapiteko kukaona chifukwa chake. Nthawi ya masana ndimazungulira njira yakumtunda, ngakhale ndi yaitali.